Chiwongolero Cholimba ndi Dizilo Wodontha: Musafulumire Kumasula Pampu

Chaka chatha, mvula yoyamba itatsala pang'ono kugwa, ndinalandira foni kuchokera kwa mnzanu wina amene anatsiriza maphunziro ake kuno zaka zingapo zapitazo. Iye amalima ku Sasare, ndipo ndiye amayendetsa thirakitala ya gulu la alimi a kumeneko, Massey Ferguson 165 yakale imene inadutsa m'manja mwa anthu angapo isanafike kwa iwo. Madandaulo ake anali awiri. Chiwongolero chinkalimba ndi kulira pokhota, ndipo injini inkati ikalima mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, mphamvu n'kuyamba kutha mpaka kuzima. Munthu wina wodziwa za magalimoto anali atamuuza kale kuti mapampu onse awiri atha ntchito, ya chiwongolero ndi ya dizilo yomwe. Gulu linali litayamba kusonkha ndalama zoti mmodzi akwere basi kupita ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pa boma la Petauke, pamene minda ya mamembala inali isanagaulidwe.

Ndinamupempha kuti ndalamazo azisunge kaye masiku awiri. Zimene tinakambirana m'masiku awiriwo ndi zimene ndikulemba pano, chifukwa ambiri a inu mudzakumana ndi mathirakitala a msinkhu umenewu. Massey Ferguson 135 ndi 165 zinayamba kupangidwa mu 1964, Ford 5000 mu 1965, ndipo zina zikulimabe m'minda ya kuno kum'mawa. Ngakhale MF 375 ndi 385, zimene kampani ya Millat imapanga ku Lahore m'dziko la Pakistan, kapangidwe kake sikanapatuke kwenikweni pa ka makolo akewo.

Chiwongolero ndi dizilo zimaoneka ngati nkhani ziwiri zosiyana, koma matenda ake ambiri ndi amodzi. Konse kuwiri kuli madzimadzi amene ayenera kuyenda m'njira yotsekeka bwino, ndipo konse kuwiri kuli mbali imene pampu imakoka ndi mbali imene imakankha. Pakaboola mbali yokankha, mafuta amatuluka ndipo mumawaona. Pakaboola mbali yokoka, nthawi zambiri sipadontha kanthu: mpweya ndiwo umalowa. Bowo lachiwirili ndi limene limagulitsa mapampu abwinobwino, chifukwa munthu amayang'ana pansi pa thirakitala, n'kupeza pouma, n'kugamula kuti vuto lili m'kati mwa pampu.

Yambani ndi zimene sizifuna ndalama

Chiwongolero chikalimba, musayambire ku oyilo. Yambani ndi matayala akutsogolo. Tayala lophwa limakakamira pansi, ndipo ngakhale pampu yatsopano ingavutike kulikhotetsa m'dothi lofewa. Matayala a 6.00-16 kapena 7.50-16 kawirikawiri amafuna mpweya wa mapaundi 26 mpaka 30, koma onani m'buku la thirakitala yanu. Kenako kwezani ekiselo yakutsogolo ndi jeke, muikepo zipika zolimba, ndipo injini ili chizimire pindani chiwongolero uku ndi uku. Matayala akakhala m'malere ayenera kutembenuka mosavuta. Ngati akulimbabe, vuto si la oyilo ayi. Ndi ma kingpin amene anauma chifukwa chosowa girisi, kapena mabering'i a pansi pake amene fumbi ndi madzi zinadya. Ndaonapo thirakitala imene timabowo take tothirira girisi tinatsekeka ndi dothi louma, mwini wake n'kumapopa girisi mlungu uliwonse koma osalowa ndi pang'ono pomwe. Popani mpaka girisi wakale wakuda atulukire m'mphepete.

Matayala adakali m'mwamba, agwedezeni ndi manja. Ngati chiwongolero chimayenda mpata waukulu matayala asanayambe kutembenuka, kapena thirakitala imayenda mokhotakhota pa msewu, yang'anani mfundo za zitsulo zolumikiza matayala ndi bokosi la chiwongolero. Zimenezo ndi zitsulo zakutha, ndipo oyilo sangazichiritse.

Mukatsimikiza kuti zitsulo zili bwino, tsegulani kathanki ka oyilo wa chiwongolero. Pa MF 165 kathankika kali pa pampu penipeni, m'mbali mwa injini chakutsogolo, ndipo m'kati mwake muli fyuluta imene ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo. Pa mathirakitala ena chiwongolero chimamwa oyilo wa kumbuyo, yemwe uja wokweza pulawo, choncho dziwani kaye mtundu wa yanu. Oyiloyo amanena zambiri kwa munthu womuyang'ana bwino. Akakhala ndi thovu, mwalowa mpweya. Akayera ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Akada ndi kununkha chopserera, wakhala akutentha kwambiri, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake ndi dalaivala amene amakanikiza chiwongolero kumapeto kwa nthawi yaitali pokhota kumutu kwa munda.

Mpweya umavuta chifukwa umafinyika, pamene oyilo safinyika. Pampu ikakankha oyilo wosakanizika ndi thovu, mphamvu yake imathera pa kufinya thovulo m'malo mokankha pisitoni. N'chifukwa chake chiwongolero chimachita mojejema, kupepuka pang'ono kenako n'kulimba, pampu ikulira mokhetsa m'mano. Kwa mnzathu wa ku Sasare zinali choncho. Kamphira kozungulira kamene kamatseka chivindikiro cha kathanki kanauma ndi kusweka, oyilo ankatsika pang'onopang'ono m'mbali mwa injini momwe munali kale fumbi lamafuta, ndipo atachepa pampu inayamba kumeza mpweya. Fyuluta ya m'katimo inali yakuda bii. Kusintha ziwirizi sikunafike ngakhale pa mtengo wa tikiti ya basi.

Mukathira oyilo watsopano, mpweya wotsala uyenera kutulutsidwa. Matayala ali m'mwamba, injini isanalire, pindani chiwongolero kuchokera kumapeto kufika kumapeto kangapo. Onjezani oyilo, lizani injini pang'onopang'ono, bwerezani kupinda, ndipo onjezaninso mpaka thovu litaleka. Thirani oyilo amene buku likunena. Mathirakitala ambiri akale amalola ATF, oyilo wofiira uja, ena amafuna oyilo wa thirakitala wa ntchito zonse. Mafuta a mabuleki a galimoto musathiremo ngakhale mutasowa chotani, chifukwa amatupitsa timphira tonse ta m'kati, ndipo pakapita masiku owerengeka mumapeza paliponse pakudontha. Oyilo wakuda wotsitsidwa mu injini nayenso ayi. Kumene pampu imayendetsedwa ndi lamba, onani ngati lambayo sakuterera.

Nanga pampu yakuthadi imadziwika bwanji? Imagwira bwinoko m'mawa oyilo akadali wozizira ndi wolimba, kenako n'kufooka dzuwa likakwera, ndipo imafooka mbali zonse ziwiri mofanana, makamaka injini ikamalira pang'onopang'ono. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto kwa masekondi awiri kapena atatu okha, mumvetsere. Pampu yamoyo imalemetsa injini pang'ono, ndipo mumamva valavu yotulutsa mphamvu yopyola muyezo ikuchita ngati kuliza mluzu. Mukapanda kumva kanthu, mwina pampu yatha, mwina valavuyo yakakamira potsegula chifukwa cha kachitsotso, mwinanso oyilo akudutsa m'mphepete mwa pisitoni mu silinda. Kusiyanitsa zitatuzi kumafuna makaniko wokhala ndi geji yoyezera mphamvu ya oyilo, ndipo kumulipira kuti ayeze n'kotchipa kuposa kugula pampu mongoganizira. Chiwongolero chikamalimba mbali imodzi yokha, pampu ilibe mlandu, chifukwa siidziwa kumanja kapena kumanzere. Kayikirani valavu yogawa oyilo, imene pa MF 165 ili pamodzi ndi silinda kutsogolo, pansi pa rediyeta, ndipo timapini take tikatha siitsegukanso mofanana.

Pali chenjezo limodzi limene sindingalidumphe. Pa mathirakitala akale kwambiri, oyilo amangothandiza. Chitsulo chimalumikizabe chiwongolero ndi matayala, ndipo pampu ikafa mumatha kukhotabe ndi mphamvu za manja. Pa atsopanoko, chitsulo chimenecho palibe. Pansi pa chiwongolero pali kachipangizo kotchedwa orbitrol, ndipo kuchokera pamenepo kupita ku matayala ndi mapayipi okhaokha. Payipi ikaphulika, matayala samveranso dalaivala. Tsono taganizani za munthu amene akutsika chitunda cha kufupi ndi Kacholola kapena msewu wa miyala wochokera ku Sasare, ngolo itadzaza matumba a chimanga, atazimitsa injini kuti apulumutse dizilo. Chizolowezi chimenechi ndachiona, ndipo n'choopsa pa mitundu yonse iwiri. Payipi yotupa, yong'aluka khungu, kapena yokhuzana ndi chitsulo isinthidwe isanaphulike. Kumanga malegeni pa payipi ya chiwongolero n'kudzinamiza.

Kutsata dizilo kuchokera ku thanki

Dontho limodzi pa sekondi limaoneka laling'ono. Koma tsiku lili ndi masekondi 86,400, ndipo madontho 20 mpaka 30 amakwana mililita imodzi. Ndiye kuti malita atatu kapena anayi amalowa m'dothi tsiku lililonse ngati podonthapo pali pa thanki kapena pa mpopi wake, pamene pamadontha usana ndi usiku. Thanki ya MF 135 imalowa malita pafupifupi 38. Pa milungu iwiri ingathe yonse thirakitala isanasunthe. Onjezani pamenepo kuti dizilo wosakanizika ndi mankhusu ndi udzu wouma pafupi ndi payipi ya utsi, m'kutentha kwa Okutobala kuno, ndi nkhuni zodikira moto.

Njira ya dizilo pa injini za Perkins zimene zili m'mathirakitala amenewa ndi yosavuta kuiloweza. Amachoka m'thanki kudzera pa kampopi kokhala ndi kasefa m'kati, n'kulowa m'kabotolo kagalasi kogwira madzi ndi zinyalala, n'kupita ku pampu yaing'ono yokhala ndi kamkono kopopera ndi chala. Pampu imeneyi imamukankhira ku fyuluta, kuchoka apo ku pampu yaikulu, imene kawirikawiri imakhala ya CAV ya mtundu wa DPA. Iyi ndiyo imamutumiza mwamphamvu m'mapayipi achitsulo kupita ku ma injekita, ndipo wotsala amabwerera kudzera m'kapayipi kakang'ono ka pamwamba.

Pa injini yakuda ndi mafuta simungapeze podontha. Itsukeni kaye ndi parafini ndi madzi a sopo injini itazizira, iume, kenako muwaze ufa woyera pang'ono pa mfundo zonse. Lizani injini mphindi zochepa muyang'anitsitse. Pamene ufa wayambira kuda ndi pamene pali vuto. Kumbukirani kuti madzimadzi amatsika ndipo fani imawauluzira kumbuyo, choncho gwero limakhala pamalo onyowa amene ali pamwamba kwambiri ndiponso kutsogolo kwambiri, osati pamene dontho likugwera.

Pochita zimenezi, dzanja lanu lisafike pa mapayipi achitsulo a ma injekita injini ikulira. Dizilo wa mmenemo amakhala ndi mphamvu yoposa mabaa 150, ndipo potuluka pa kabowo kosaoneka ndi maso amaboola khungu ngati jakisoni. Bala lake limaoneka ngati munga wabaya, koma m'kati mnofu umayamba kuola, ndipo anthu adukapo zala chifukwa chochedwa. Gwiritsani kachidutswa ka katoni pofufuza. Zikakuchitikirani, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mukawauze momveka kuti ndi mafuta olowa mwamphamvu. Oyilo wa chiwongolero nayenso amabaya chimodzimodzi.

Malo odontha kawirikawiri ndi omwe aja. Mawasha amkuwa a pa mabawuti oboola pakati amauma akamangidwa kambirimbiri; ngati atsopano palibe, otchani akalewo mpaka afiire, azizire, ndipo amafewanso n'kugwira kamodzi kena. Pa fyuluta, cholakwa chimene ndimachipeza chaka chilichonse kwa ophunzira atsopano ndi kusiya kamphira kakale m'ngalande ya pamwamba n'kuikanso katsopano pamwamba pake. Timphira tiwiri sititseka kuposa kamodzi, timangopsinjana mokhota. Lowetsani chala mufufuze musanaike katsopano. Pa pampu yaikulu, dizilo amakonda kutulukira pa timitengo tiwiri ta pa chivindikiro, ka mafuta ndi kozimitsira, pamene timphira take tauma. Dizilo wa masiku ano woyengedwa kuti akhale ndi sulufule wochepa satupitsa mphira zakale monga ankachitira wakale uja, ndipo pampu imene inakhala youma zaka zambiri imatha kuyamba kunyowa. Timphira timeneti n'totchipa, koma pansi pa chivindikirocho pali kasipuling'i kokoledwa pa timabowo tapadera, ndipo mukakakola pena injini siidzayendanso bwino. Ngati simunaonepo wina akuchita, itanani wodziwa. Timabawuti tomangidwa ndi waya ndi chidindo musatikhudze. Payipi ya injekita ikang'aluka isinthidwe, osati kuwotcherera, ndipo pomanga gwiritsani masipanala awiri kuti musapotole chimene yamangidwapo. Thanki yoboola musaiyandikize moto wa wowotcherera isanatsukidwe ndi munthu wodziwa ntchitoyo, chifukwa nthunzi yotsalamo imaphulika.

Tibwerere ku injini ija yozimazima. Popeza thanki ya MF 165 ili pamwamba pa injini, dizilo amatsika yekha kupita ku pampu yaing'ono, ndipo munthu angaganize kuti mbali imeneyi mpweya sungalowe. Zimakhala choncho kasefa ka m'kampopi kakakhala koyera. Kakatsekeka ndi dzimbiri ndi zinyalala za m'migolo ndi m'zigubu, dizilo amabwera mochepa, pampu imayamba kukoka mwamphamvu, ndipo imakoka mpweya pa mfundo iliyonse yofooka. Kwa mnzathuyu mfundoyo inali gasiketi youma ya kabotolo kagalasi. Thirakitala ikaima, dizilo ankasefekera pang'onopang'ono n'kudzaza njira yonse, injini n'kulira bwinobwino. Ikayamba kukoka pulawo n'kufuna dizilo wambiri, mpweya unkalowa mpaka kuzima.

Njira yotsimikizira ndi yapafupi. Tengani chigubu choyera cha malita asanu chokhala ndi dizilo woyera, muchipachike pamwamba, mulumikize payipi kuchokera mmenemo kupita ku pampu yaing'ono. Injini ikalima osazima, vuto lili pakati pa thanki ndi pampuyo, ndipo pampu yaikulu ilibe chifukwa chopitira ku Lusaka. Kachidutswa ka payipi yoonekera m'kati, koikidwa kwa kanthawi pampu yaikulu isanafike, kamaonetsanso thovu likamadutsa. Musaiwale chivindikiro cha thanki: chili ndi kabowo kopumira, ndipo kakatsekeka ndi fumbi injini imazima mofananamo. Mukamva mpweya ukulowa mwaphokoso potsegula thanki, mwapeza wakuba.

Mukakonza, tulutsani mpweya motsata njira ya dizilo. Masulani kabawuti ka pamwamba pa fyuluta, mupope ndi kamkono mpaka dizilo atuluke wopanda thovu, mumange. Chitani chimodzimodzi pa timabawuti tiwiri ta m'mbali mwa pampu ya DPA, kuyamba kam'munsi, kenako kam'mwamba; n'tosachedwa kuthyoka, choncho musatimange ndi ukali. Kamkono kakamapepuka osapopa kanthu, tembenuzani injini pang'ono, chifukwa mwina kaima pansonga ya chitsulo chokayendetsa. Pomaliza masulani pang'ono manati a mapayipi awiri pa ma injekita, muzungulitse injini mpaka dizilo alavule, mumange, ndipo iyenera kulira. Musazungulitse sitata kopitirira masekondi khumi ndi asanu nthawi imodzi, chifukwa kumudzi batire ikatha ndi ulendo wina.

Pamene oyilo wa injini akuchuluka yekha

Pali kudontha kwina kumene sikugwera pansi, ndipo n'kumene kumapha injini. Mlimi amasolola kachitsulo koyezera oyilo m'mawa, n'kupeza wakwera kupyola mzere, iye n'kukondwera kuti injini yake siimwa oyilo. Injini siibala oyilo. Chinachake chikulowa mu sampu, ndipo pa mathirakitala amenewa okayikiridwa oyamba ndi omwe takambawa.

Pampu ya chiwongolero ya MF 165 imayendetsedwa ndi magiya a kutsogolo kwa injini. Kamphira ka pa mtengo wake kakatha, oyilo wa chiwongolero amatsikira m'kati mwa injini. Mudzadziwa chifukwa kathanki kamauma masiku ochepa alionse koma kunja kuli kouma. Pampu yaing'ono ya dizilo ili ndi chikopa champhira m'kati, ndipo chikang'ambika dizilo amalowa mu sampu. Kamphira ka kutsogolo kwa pampu yaikulu nakonso kamachita zomwezo. Nunkhizani kachitsuloko, ndipo mudonthetse oyilo pang'ono pa pepala loyera. Wosakanizika ndi dizilo amanunkha dizilo, amachucha ngati madzi, ndipo pa pepala amatambasuka msanga n'kusiya mkombero wotuwa kuzungulira dontho lakuda. Oyilo wotere sagwiranso pa mabering'i. Imitsani thirakitala, konzani gwero, ndipo musinthe oyilo ndi fyuluta yake musanalimenso. Akakhala wotuwa ngati phala, amenewo ndi madzi a rediyeta, nkhani ina imene tidzakamba padera.

Za m'migolo ndingonena mwachidule. Ambiri a inu mumagula dizilo pa boma la Petauke kapena pa Nyimba n'kumusunga kumudzi. Mgolo ukhale pamthunzi, wotsekedwa, ndipo ukafika usiyeni tsiku lathunthu kuti madzi ndi zinyalala zikhale pansi. Musakoke wa pansi penipeni. Zotengera zokutidwa ndi nthaka yoyera ya malata siziyenerana ndi dizilo. Dzazani thanki madzulo mukaweruka, kuti usiku m'kati musachite mame, ndipo muziyang'ana kabotolo kagalasi m'mawa uliwonse.

Mnzathu wa ku Sasare anagula timphira take pa Petauke, ndipo pa tsiku lachitatu anayamba kugaula. Pampu yaikulu sinakhudzidwe. Ya chiwongolero ndiyo inali itavulala ndithu chifukwa choyenda miyezi ingapo ndi thovu, ndipo masana dzuwa likatentha imafookabe pang'ono. Gulu lagwirizana kuti lidzagule ina likagulitsa mpendadzuwa ndi nshawa, nthawi imene thirakitala ingathe kuima mlungu wathunthu popanda munda wa munthu kutsalira.